Utsi Wako Ukufuka Kuno

Pradval,
3 Novembala.

Wokondedwa mlongo wanga Madlaina,

Ndiyambe ndi moni monga anatiphunzitsira mayi, ungadzanene kuti sukulu inandichotsa ulemu. Uli bwanji ku Hamburg, dziko lopanda phiri, kumene chipewa chikauluka umachiona chikupita mpaka mawa lake? Alamu anga a Henning msana uja unawaleka? Nanga mwana wako Annatina mayeso anamuyendera bwanji?

Kuno tilipo. Kunena kuti tili bwino kungakhale kuwonjeza, koma tilipo. Bambo maondo ndi omwe aja. Masitepe a m'nyumba amakwera limodzilimodzi, lililonse akulitukwana. Ine ndanenepa, ndipo chifukwa chake uchimva posachedwa, pakuti mlandu wake ukukukhudza.

Mitengo ya laresi, ija timang'amba matabwa ofolera, yachita kale chikasu phiri lonse. Paini yekha ndiye wakakamira kubiriwira ngati munthu amene sanamve uthenga. Sabata ziwiri zikubwerazi masamba ayoyoka, kenako chipale chofewa chitipeza.

Tsopano khala pansi. Nkhani yoyamba ndi yakuti iwe unabwera.

Usadabwe. Malinga ndi mudzi uno, wakhala m'kanyumba kako kaja, kamene anakusiyira azakhali a Ursina, kuyambira tsiku la Mikaeli Woyera. Zakwana sabata zisanu. Sutuluka, sulankhula ndi munthu, kutchalitchi suoneka, koma moto umasonkha m'mawa uliwonse nthawi ya seveni. Anthu akukuyamikira kusunga nthawi.

Ndifotokoze kuyambira kudenga, popeza zonse zinayambira kumeneko.

Ukukumbukira tsiku la maliro a mayi, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, pamene unakwera m'chipinda cha kudenga nkutsika uli fumbi lokhalokha, nkunena kuti matabwa ofolera aja atsala ndi zaka zisanu? Ukukumbukiranso zimene bambo anakuyankha pamaso pa anthu onse, zakuti mlendo sayang'ana kudenga. Unanyamuka m'mawa mwake ndi basi yoyamba. Chabwino, ndikudziwitse kuti unalakwitsa. Denga linapirira zaka zinayi ndi theka basi.

Panopa pamwamba pa chipinda cha bambo pali lona, ndipo pansi pake pali ndowa zitatu ndi mphika umene mayi ankapangira tchizi. Mvula ikamagwa chilichonse chimayimba mawu akeake. Bambo akuti mphikawo ndiye uli ndi mawu abwino.

Namwino wa boma amene amabwera Lachinayi lililonse sanaseke nawo. Anagwira khoma, anamvetsera chifuwa cha bambo, nkundiitanira panja. Akuti chisanu chimodzi ichi atilola pansi pa lona, koma chachiwiri ayi. Ngati denga silifoleredwa pofika chaka chamawa, adzalemba kalata yoti bambo atsikire ku nyumba ya okalamba kuchigwa. Ndinawauza bambo mwaulemu. Anandiyankha kuti adzatsika ndithu, koma atagona chagada, anthu anayi atawanyamula.

Ndinatchula za malata. Sanandilankhule masiku awiri. Ndinatchula za matabwa ocheka pamakina, amvekere: "Thabwa locheka limamwa madzi ngati buledi. Zaka zisanu kukoleji sanakuuzeni zimenezo?" Anatiuza, Madlaina, chaka chachiwiri. Koma ukudziwa mmene zimakhalira munthu amene wang'amba matabwa ndi manja zaka makumi asanu ndi limodzi akayamba kulankhula.

Chaka chatha, pa msonkhano wa mudzi wa tsiku la Maritino Woyera, nyumba yathu inapempha mtengo wake. Lamulo silinasinthe: khomo lililonse limene likufuka utsi lili ndi ufulu wa mtengo umodzi wa laresi m'nkhalango ya mudzi pa zaka khumi. Umodzi. Anatipatsa.

Bambo sakanatha kukwera phiri, choncho anandituma ine ndi malangizo. Akuti ndipite kumbali yosawomba dzuwa, pamwamba pa kasupe, ndikapeza mtengo wopendekeka wa khungwa lonyansa umene akhala akuuyang'ana zaka makumi atatu. Akuti ndikaseme kachibanthu patsinde, ndikakang'ambe ndi zala, ndikaone kumene ulusi wake ukulowera. Ukapotokera kumene limayendera dzuwa, ndi womwewo. Ukapotokera kwina, ndiusiye.

Ndinapita ndi Nuot, yemwe uja tinkakhala naye desiki imodzi, amene tsopano ndiye woyang'anira nkhalango. Mtengo wa bambo ndinaupeza. Unali woipa ndithu, ngati munthu wodwala m'chiuno. Koma chapafupi pake panali wina, Madlaina, wowongoka ngati kandulo ya paguwa, wopanda nthambi mpaka kumwamba. Ndinatulutsa zipangizo zanga za kuofesi. Ndinayeza kutalika, ndinayeza kunenepa, ndinauboola nkuwerenga zaka zake: zana limodzi ndi makumi asanu ndi limodzi. Manambala onse anavomera. Kachibanthu sindinaseme. Ndinaona ngati ndi zachikale.

Nuot anandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza. Kachitatu anangodinda chizindikiro cha nyumba yathu pakhungwa, amvekere: "Wophunzira ndiwe, ife timangoyenda m'tchire."

Tinaugwetsa mu Disembala, mwezi ukutha, monga amafunira bambo. Tinaudula zidutswa, tinatsitsa pa chipale. Bambo anatuluka atavala epuloni yawo yachikopa, anakhala pa chitsa chawo, anaika chitsulo chong'ambira pa chidutswa choyamba, nkumenya ndi chibonga kamodzi. Thabwa linatuluka lopotana ngati nyanga ya mbuzi. Anayesa lachiwiri. Lachitatu sanayese. Anavula epuloni, anaipinda bwinobwino, nkundifunsa mofatsa ngati mtengo wa pakasupe unawongoka pa ukalamba wake.

Chikomekome cha mkuyu, mlongo wanga. Mtengo umene unayamba kumera agogo a agogo athu asanabadwe, ine ndinausandutsa nkhuni tsiku limodzi. Ndipo nkhuni zake nzachabe, zimathetheka m'mbaula ngati mfuti.

Wina wotsatira nyumba yathu idzalandira pakatha zaka zisanu ndi zinayi. Bambo ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza zinayi. Masamuwo uchite wekha.

Apa mpamene mutu wa kukoleji unagwiranso ntchito. Ndinawerenga malamulo a mudzi tsamba ndi tsamba, ndipo ndinapeza kuti nyumba ya azakhali sinatengepo mtengo zaka makumi awiri. Nyumbayo ndi yako, ndipo iwe ndiwe mbadwa ya kuno. Chofunika ndi chimodzi: utsi uzifuka pachumuni kuyambira tsiku la Mikaeli mpaka Pasaka. Ndinadziuza kuti lamulo likunena za utsi, silikunena za nkhope.

Ndiye m'mawa uliwonse ndimawapatsa bambo khofi, ndimanena kuti ndikukawongola miyendo, ndimazungulira kuseri kwa khola la a Chasper, nkulowa kwako pa chitseko cha kumbuyo. Ndimasonkha moto, ndimatsegula makatani, ndimakhala maola awiri ndikuyang'ana khoma. Madzulo ndimabwerera kukatseka makatani. Ndatopa, Madlaina. Kukhala munthu mmodzi kunkandilemera kale, ndiye tangoganiza awiri.

Ndinkaganiza kuti ndawapusitsa. Tsiku lachitatu ndinapeza pakhomo pako mphika wa supu wa balere, wokutidwa ndi nsalu, wochokera kwa mayi Barbla a kugolosale. Ndikanautaya? Anthu akanaona. Ndinadya. Ndinatsuka mphika nkuubweza. Mawa lake unabweranso, uli ndi nyama yowumitsa pambali. Kuyambira pamenepo ndimadya nkhomaliro kawiri, kwako ndi kwathu.

Ndikalowa m'golosale mayi Barbla amandilonjera mokweza kuti onse amve. "Duri, mwanawe, mlongo wako supu uja anaukonda? Koma ndiye amadya ngati mwamuna! Ku Hamburg ankamumana?" Ine ndimati anayamikira kwambiri. Amvekere: "Mchere sunachuluke? Paja iye ndi mchere sankagwirizana, amene ankakonda mchere ndi iwe." Ndiye amandiyang'ana pamimba.

Sabata yachiwiri ndinaona kuti ndiwonjezere umboni. Ndinatenga siketi ndi bulauzi m'bokosi la mayi nkuyanika pachingwe kuseri kwako. Madzulo mayi Barbla anandiimitsa pamsewu. Akuti anasangalala kuona kuti siketi imene anasokera malemu mayi athu pa ubatizo wako ikukukwana. Akuti ndikuuze kuti chovala chimayamba chanyowa kenako nkuyanikidwa, kuyanika chouma ndi mwambo wa ku Germany kapena?

A Chasper nawo anasiya kunena kuti mwadzuka bwanji. Ndikamadutsa kuseri kwa khola lawo amangokweza chipewa nkunena kuti, "Mwadzuka bwanji nonse awiri."

Wandiuza zoona ndi Nuot. Anandipeza pamlatho Lachisanu lapitali, anandigawira fodya ngakhale akudziwa kuti ndinasiya. Akuti utsi wako waulemba m'buku m'mawa uliwonse, ndipo sananame, chifukwa utsiwo wauona ndi maso. Akuti mudzi wonse ukufuna bambo athu a Jachen afoleredwe denga, palibe amene akufuna kuwaona akutsika kuchigwa, ndiye aliyense watseka diso limodzi. "Koma achimwene," akutero, "lamulo limawerenga utsi mpaka tsiku la Maritino. Tsikulo limawerenga mphuno. Ndikaitana dzina, mwini wake ayankhe ndi pakamwa pake. Ukadzavala siketi ija ndidzakuthamangitsa ndi ndodo."

Mpaka pamenepa mwina ukuseka, ndipo seka ndithu, ndine woyenera. Zotsalazi sindinaziseke.

Pa mapulani anga onse ndinaiwala chinthu chimodzi: zenera la kukhitchini kwathu limayang'ana chumuni chako. Bambo amakhala pampando wawo pazenera limenelo kuyambira m'mawa.

Tsiku loyamba anangouyang'ana utsiwo. Lachiwiri anandifunsa ngati m'nyumba ya Ursina mwalowa alendo. Ndikanawauza zoona pomwepo. Koma ukuwadziwa, akanapita okha kwa Nuot kukadziulula, pakuti iwo chinyengo cha m'nkhalango amachiona ngati kuba m'tchalitchi. Ndiye ndinati wabwera ndiwe. Ndinati wabwera kudzapuma, watopa, sukufuna kuona anthu.

Anangoti, "Oho."

Anameta ndevu tsiku limenelo. Anametanso mawa lake. Munthu amene ankameta Loweruka lokha anayamba kumeta tsiku ndi tsiku, nkuvala malaya oyera, nkukhala pazenera. Anandiuza kuti ndizitulutsa makapu atatu. Munthu akagogoda pachitseko ankawongoka pampando, kenako nkupezeka kuti ndi wamakalata. Sanandifunsepo kuti bwanji sukubwera. Kamodzi kokha anati, "Mkwiyo anatengera kwa ine," nkupitiriza kumwa khofi.

Sabata zisanu, Madlaina. Ndinawachititsa kukhulupirira kuti mwana wawo ali mapazi mazana awiri kuchokera pakhomo pawo ndipo sakufuna kuwaona. Ndinkafuna kuwapulumutsira denga, ndipo ndinkawagumula pansi pake.

Dzulo m'mawa ndinali kwako monga mwa masiku onse, ndikuponya m'mbaula matabwa opotana aja, popeza ntchito ina alibe. Ndinamva ndodo pamiyala. Ndinasuzumira pakatani. Anali bambo, atavala jekete ya kutchalitchi, m'khwapa atapanira chinthu chokulunga m'thumba. Mtunda umene iwe ungauyende mphindi zitatu unawatengera pafupifupi theka la ola. A Chasper anafuna kuwagwira mkono, anawakana.

Ndinakhoma chitseko. Inde, mwamuna wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, wa digiri yake, anakhoma chitseko nkukhala pansi kuseri kwake ngati mwana woba shuga.

Anagogoda katatu. Anadikira. Kenako ndinamva akukhala pabenchi la pakhomo, akupuma movutikira, ndipo anayamba kulankhula ndi chitseko.

Anati sukuyenera kutsegula. Anati angonena zimene abwerera, azipita.

Anayamba ndi shedi ya nkhuni. Ukukumbukira chaka chimene unali ndi zaka khumi ndi zitatu, bambo atapita kumsika wa ng'ombe masiku awiri? Unatenga chitsulo chawo mobisa nkung'amba matabwa zana limodzi, ine ndili pa udzu ndikuwerenga buku. Atabwera anatola limodzi, analitembenuza, analiyang'ana m'mbali, nkufunsa kuti wang'amba ndani. Iwe unaopa kukalipiridwa, unakhala chete. Ine ndinaona nkhope yawo ikuwala, ndinakhalanso chete. Anandigwira paphewa nkunena kuti nyumba ino yapeza wolowa m'malo. Sitinaikambepo nkhani imeneyi, iwe ndi ine, zaka zonsezi.

Anauza chitseko kuti ankadziwa. Akuti anadziwa asanafunse nkomwe, chifukwa matabwawo anali ong'ambidwa ndi munthu wamanzere, ndipo wamanzere m'nyumba mwathu ndi mmodzi. Akuti anagwira phewa la mnyamata chifukwa bambo awo anagwira phewa la mnyamata, ndipo sanadziwe kuti dzanja lingapite kwina. Akuti matabwa ako ali pashedi paja mpaka lero, zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo ndi denga lokhalo pakhomo pathu limene silidontha. Akuti m'mawa uliwonse amaliona.

Kenako anati zimene ananena pa maliro zinali zoipa. Akuti sunali mlendo. Akuti anakwiya chifukwa unanena zoona pa tsiku limene analibe mphamvu zomvera zoona zina.

M'mbaula thabwa lina linathetheka, phaa! Ine misozi ili chuchuchu, ndikudziluma dzanja kuti ndisamveke.

Ndiye anatsokomola nkunena ndi mawu awo a masiku onse aja: "Duri, ndikudziwa kuti ndiwe."

Ndinachotsa dzanja pakamwa.

Amvekere: "Sabata yoyamba ndinakhulupirira. Yachiwiri mphepo inatembenuka, utsi unafika pazenera. Mwana wanga wamkazi sangasonkhe laresi m'mbaula. Munthu wotentha denga la bambo ake kuti aothe ndinabala mmodzi yekha."

Ndinafunsa kuseri kwa chitseko kuti nanga ndevu ankameteranji. Akuti poyamba ankametera iwe. Kenako anaona kuti mudzi wonse ukuvutika kunamizira chifukwa cha iwo, ndiye zikanakhala zamwano kuti iwo okha asathandize. Komanso, akuti, munthu sadziwa, basi imabwera kawiri patsiku.

Ndinafunsanso kuti nanga zonsezi anenerenji kwa ine. Akuti anayesa kukulembera kanayi, mapepala onse ali m'mbaula. Akuti pamaso pako sakanatha, pafoni sakanatha, koma chitseko nchosavuta. "Iwe mtengo sudziwa, nkhwangwa sudziwa, moto sudziwa. Koma zaka zisanu zija anakuphunzitsa kulemba. Wamva zonse. Kalembe, ndipo usakometse."

Sindinakometse. Ngati pena pakoma, ndi mwangozi.

Anakana kuti nditsegule mpaka atachoka. Nditatuluka ndinapeza thumba lija pabenchi. M'kati muli chitsulo chong'ambira, chija cha agogo. Achinola, achipaka mafuta, ndipo chogwirira achizula nkuchilowetsa mbali inayo, kuti chikhale cha dzanja lamanzere. Ntchito imeneyo sanaichite dzulo. Mtengo wa chogwiriracho wada kale ndi zaka.

Za ine ndinene mwachidule, pakuti ndazichedwetsa kokwanira. Phewa lija linali lako, ndipo ine ndinaima pamenepo nkulandira. Ndinkati ndikakula ndidzakonza. Ndakula, ndipo waona mmene ndimakonzera zinthu. Undikhululukire, mlongo wanga.

Tsopano pempho. Msonkhano wa tsiku la Maritino uli pa 11, nthawi ya teni m'mawa, m'holo ya sukulu. Sindikubisira kanthu ulendo uno: ukayankha dzina lako, uyenera kukhala mpaka Pasaka, pakuti diso limene Nuot anatseka latopa. Ndi miyezi isanu. Ndikudziwa kuti uli ndi mipando ya anthu yoti ukonze, uli ndi banja, uli ndi moyo umene unaumanga wekha popanda thandizo lathu. Ukakana sindidzakuweruza, ndipo bambo akuti ndikuuze kuti zimene ananena sizikudalira mtengo. Ukabwera kapena osabwera, zanenedwa.

Koma wopendekeka uja akadali chilili pamwamba pa kasupe. Ndinapitako dzulo masana, ndinasema kachibanthu, ndinakang'amba ndi zala. Ndinakayang'ana nthawi yaitali. Kunena zoona, sindikudziwabe ngati kakulowera kumene limayendera dzuwa kapena ayi. Ndakaika mu envulopu muno. Iwe ukangokagwira udziwa.

Amati mutu umodzi susenza denga. Kuno ilipo iwiri, wina wokalamba, wina wophunzira, ndipo denga likudonthabe.

Moto ndipitiriza kusonkha mpaka pa 11, tsopano ndi nkhuni za paini zouma, mwa lamulo la bambo. Nyumba yako ndi yofunda, sinafundepo chonchi chimwalirire azakhali. Chitsulo ndachisiya pabenchi pomwe anachiika, ndangochifunditsa kuti chisachite dzimbiri. Sindichilowetsa. Ndinatolapo kale kamodzi chinthu chako, zakwana.

Undiperekere moni kwa alamu anga, uwauze kuti mpweya wa kuno umachiza msana, ndipo ili lokha si bodza. Annatina umupsompsone, umuuze kuti amalume ake akuti aphunzire kwambiri koma azisemako kachibanthu. Mayi Barbla akupereka moni, ndipo akufunsa ngati ulendo uno achepetse mchere.

Mulungu akusunge, akuyendetse bwino ngati uyenda, akupatse mtendere ngati utsala.

Bambo ametanso lero. Makapu ndatulutsa atatu.

Ndine mlongo wako wotopa ndi wokhuta,
Duri